Ndinaonera Maliro Anga Pazenera

Amuna anga atatsala pang'ono kutsirizika kuchipatala, anandikodola kuti ndiweramire pafupi. Ine ndinkayesa andiuza mawu okoma oti ndiziwakumbukira nawo, popeza moyo wawo wonse anali asanayesepo. Iwo anati, "Mayi, chilichonse mungachite, musadzayerekeze kufa mng'ono wanga asanafe. Poloti ija adzaigulitsa anthu asanasambe m'manja pochokera kumanda."

Anangonena zomwezo basi, n'kupempha madzi akumwa.

Poloti yake ndi ino ndikukhalapoyi, kuno ku Kawale. Tinachokera ku Chiradzulu mzinda uno ukumangidwa kumene, iwo ali kalipentala, ine ndikuponda dothi la njerwa ndi mapazi angawa. Kutsogolo kuli nyumba yanga, kumbuyo kuli kanyumba ka lendi, pakati pali mtengo wa mango ndi mpopi. Mwana tinali naye mmodzi, wamkazi. Anatsogola, n'kundisiyira mdzukulu, mtsikana amene pa nthawi ya nkhani ino anali kusekondale yogonera komweko. Poloti ino ndi ya mtsikana ameneyo. Koma alamu anga, mng'ono wawo wa malemu uja, amene amakhala ku Chinsapo, maganizo awo ndi ena. Iwo amati malo ano ndi a kubanja kwawo, ine ndi mwanayo tikungowasungira.

N'chifukwa chake ndimadzisamala. Sindidya za eni. Thobwa amene sindinaone akutungidwa sindimwa. Ndikatsika minibasi ndimayamba ndaona amene watsika nane. Sikuti moyo ndimaukonda kwambiri ayi, mawondo anatha kalekale. Kungoti ndili pa mpikisano ndi munthu wa ku Chinsapo, ndipo woyamba kugona ndiye waluza.

Kanyumba ka kumbuyo kanadutsamo anthu amitundumitundu. Munakhalapo mayi wina amene ankati amaphika zitumbuwa, koma zitumbuwa zake zinkatuluka m'mabotolo. Munakhalaponso m'busa amene mpingo wake unali mkazi wake ndi apongozi. Kenaka, chitangodutsa chaka cha njala chija, kunabwera bambo wina wamtali, woonda, wovala tayi dzuwa likuswa mtengo. Anali wa ku Rumphi, ndipo Chichewa chake chinkayenda ndi ndodo.

"Mumagwira ntchito yanji?" ndinamufunsa ndili mkati mwa geti, iye ali kunja.

"Ndimasindikiza mabuku, Amayi."

"Mabaibulo?"

"Ayi. Ndakatulo, nthano, nkhani zolemba anthu a m'makwalala mwathu muno."

"Ndiye amagula ndani?"

Anayang'ana nsapato zake. Ndinamulola. Munthu amene akadali ndi manyazi amachedwa kuba, ndipo amakupatsa nthawi yoti umugwire.

Ntchito yake anayambira ku Biwi zaka za m'mbuyomo, koma anamuthamangitsa chifukwa makina ake ankadya magetsi. Katundu wake anali makina akale a fotokope, kompyuta ya chimutu chachikulu, chimpeni chodulira mapepala ndi sitepula. Mkazi ndi ana anali nawo, ankakhala ku Area 25, ndipo mayiyo ankaphunzitsa sukulu. Apo ndinadziwa amene ankagula ufa pabanjapo.

Sabata isanathe pabwalo panga panadzaza anthu. Kunkabwera alakatuli, oimba ofuna zikuto za makaseti awo, ojambula zithunzi, onse oonda ngati anabadwa mimba imodzi. Bambo wa mabukuyo sankafunsa kuti munthu analekeza kalasi yanji. Panali mlonda wina wa ku Area 18 amene ankalemba ndakatulo za agalu a bwana wake, agalu odya nyama iye akudya chinangwa. Anamusindikizira. Panali mayi wogulitsa kaunjika mumsika, wolemba nkhani zachikondi zoti munthu wa msinkhu wanga aziwerenga atatseka chitseko. Anamusindikiziranso. Panalinso rasi wina wa ku Area 23 wojambula zikwangwani za ometa, uja amajambula mitu ya anthu yonse yoyang'ana kumbali. Ameneyo anapatsidwa ntchito yojambula zikuto za mabuku, ndipo kwa nthawi ndithu buku lililonse lotuluka kumbuyo kwanga linkaoneka ngati likuitanira anthu kukameta.

Magetsi akazima ntchito inkaima, iwo n'kukhala pansi pa mango kumawerengerana zolemba zawo mokuwa ngati akukangana. Bambo wa mabuku ankawaphikira tiyi pambaula. Ine ndinati pano pali chobisika. Palibe munthu wamoyo amene angamwetse alakatuli tiyi tsiku ndi tsiku popanda chimene akufuna. Ndinayamba kumulonda. Mpopi ndinaukhoma loko, kiyi m'khosi. Thumba langa la makala ndinkaliwaza phulusa pamwamba kuti dzanja likalowa ndidziwe. Ndinakhala pazenera langa, kuseri kwa katani, miyezi n'kusanduka zaka, kudikira tsiku limene adzaonetse mawanga ake. Chimene chinasowa pabwalo panga nthawi yonseyo ndi mtendere basi, ndi mango akugwa okha.

Tsiku lina anabwera pakhonde, chipewa m'manja.

"Amayi, Loweruka likubwerali tikukwanitsa zaka khumi chiyambire ntchitoyi. Timati tichite kachikondwerero pabwalo pano, ngati mungalole. Mudzakhala mlendo wolemekezeka."

"Wolemekezeka pa chiyani?"

"Ndinu nokha amene simunatithamangitse."

Sindinamuuze kuti nkhaniyo inali m'maganizo. Ndinangoti, "Chitani zanuzo. Zanga musakhudze, ndipo ine sindituluka. Ndili ndi chifuwa."

Chifuwacho chinali chenicheni. Sabata yonseyo sindinaoneke kumsika kapena kutchalitchi, ndipo oyandikana nawo ankangomva kutsokomola kudzera pampanda.

Tsono tamverani mmene anthu ophunzira amakonzera zinthu. Oitanidwa anawaitana ndi mapepala a Chingerezi omata m'tauni. Woyandikana naye ngakhale mmodzi sanauzidwe, pamene kwathu kuno munthu sukhoma chikhomo cha tenti usanagogode kwa anzako. Tenti anakabwereka kutchalitchi kwawo, ndipo ndi tenti yobiriwira ija ya chigamba pakona, imene imazungulira maliro onse a ku Kawale. Ngakhale mwana woyamwa amaidziwa. Mabenchi ake ndi omwewonso. Poimika tentiyo Lachisanu madzulo, nthambi za mango zinawatchinga, ndiye anazidula osandipempha. Ndinaona, ndinasunga mumtima.

Loweruka m'mawa bambo wa mabuku analawirira m'tauni kukatenga mabuku a chikondwererocho, popeza magetsi anali atamukhumudwitsa ndipo anakasindikizitsa kwina. Pabwalo anasiyapo rasi uja kuti akongoletse. Rasiyo anatulutsa chinthu chimene ankandibisira: chithunzi changa chachikulu, chopenta, chimene anajambula mondiba ndili pakhonde. Anachikhazika pampando pageti, n'kuchiveka nkhata ya maluwa a pampanda. Kenaka anayang'ana fumbi limene maminibasi ankautsa pamsewu, n'kuganiza za mabuku atsopano. Iye ankadziwa, monga tonse tidziwira, kuti chinthu chokhacho chimene dalaivala wa ku Kawale amaopa ndi masamba oyalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro. Anakoka nthambi za mango zija, zina kumtunda kwa geti, zina kumunsi. Anasasa m'manja, n'kunyamuka ulendo wa ku Area 23 kukatenga zokuzira mawu.

Chinanso muyenera kudziwa. Ine ndikafuna mtendere ndimakhoma loko kunja kwa chitseko cha kumaso, n'kuzungulira kulowera cha kuseri, kuti wobwera aziyesa ndachoka. Ndinkachita zimenezi mosamala, moti ngakhale a lendi anga sankadziwa. Tsiku limenelo ndinachitanso chomwecho.

Choyamba kundidabwitsa chinali minibasi imene inadutsa pang'onopang'ono, wailesi itazimitsidwa, kondakitala ali duu. Kenaka bambo wa makala anatsika panjinga yake, kuvula chipewa, n'kumaikankha. Ndinati kodi ulemu wafika liti ku Kawale? Posakhalitsa anatulukira mayi wa nyumba yoyandikana nane, amene tinasiya kulonjerana chifukwa cha madzi ake ochapira amene amalowa pabwalo panga. Anaona masamba. Anaona tenti. Anaona chithunzi chovala nkhata, n'kuona loko pachitseko. Beseni limene anasenza linagwa.

"Mayo ine! Anzanga apita! Mwandisiyira yani ine, anzanga!"

Dzanja langa linali litafika kale pa chitseko cha kuseri. Ndinaima. Ndinadzifunsa kuti ndani chilengedwere dziko anapatsidwapo mwayi ngati uwu? Ndinabwerera, kukoka mpando, kuukhazika pazenera, n'kupatula katani pang'ono, pongokwana diso limodzi.

Anthu anabwera, ndisaname. Amayi anadzaza pakhonde, zitenje m'chiuno, mipango kumutu, misana yawo itatsamira khoma la pansi pa zenera langa. Abambo anakhala m'tenti, ena akubwera ndi nkhuni. Nyimbo zinayamba, zoimbidwa bwino ndithu, moti pena ndinkayankhira chamumtima. Koma zokoma zinali pakati pa nyimbo.

"Amadwala chiyani kodi?"

"Chifuwa."

"Iii, chifuwa cha masiku anochi."

"Inu, pa msinkhu umene uja? Opani Mulungu."

"Nanga thupi lili kuti?"

"Simukuona loko? A lendi awo apita nalo kumochale."

"Koma anali munthu wabwino."

Apa aliyense anadikira mnzake kuti avomere. Kenaka mayi wina wa kwaya yathu, amene ndinamusungira mwana ali kuchipatala, anati, "Ubwino anali nawo, koma mpopi kuukhoma ngati banki? Kumene apitako akangolowa, atseka geti n'kuika kiyi m'khosi. Enafe tikafika tikagona panja."

Anaseka mobisa nkhope m'zitenje, ngati akulira. Ine ndinaluma mpango kuti chifuwa chisandiulule.

Alakatuli anayamba kufika, atatchena majekete obwereka, kubwerera phwando. Anapeza anthu akulira. Anayang'anana, anavula zipewa, nawonso n'kukhala pansi. Mlonda wa agalu uja sanachedwe, anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba pabondo. Asanamalize n'komwe anaimirira kuti alakatule. Anandisandutsa mtengo wa mthunzi, chitsime chosaphwa, mayi wa ovutika. Chitsime chosaphwa, ine amene dzana lake ndinamubweza pampopi ali ndi kapu m'manja.

Mpaka apa ndinkasangalala. Kenaka ndinaona mayi woyandikana nane uja akutulutsa foni pachifuwa. Mafoni a m'manja anali atangofala kumene, ndipo anthu ankangoflashana kuti winayo ndiye aimbe. Anaflasha, foni inalira, iye n'kupita kuseri kwa tenti. Ndinadziwa amene wauzidwa.

Alamu anga, munthu amene sanabwere kudzandiona nditathyoka mwendo chifukwa choti ku Chinsapo n'kutali, anafika madzi a tiyi asanawire. Anabwera pa kalole kopanda katundu. Pambali pawo panali bambo wina wamimba, mafoni awiri palamba. Alamu analira pageti, kulira kwa mawu okhaokha, diso lili pa malata. Anapatsa anthu moni mwachidule. Kenaka anapita pakona ya mpanda n'kuyamba kuyenda motsata mpandawo, mapazi akutalikitsa, milomo ikuwerenga mapaziwo. Wamimba uja ankagogoda khoma la nyumba yanga ndi kiyi wa galimoto, n'kufunsa mnyamata wa kaloleyo ngati msewu uno umadutsika nthawi ya dzinja.

Kuseka kunandithera pomwepo. Kuchenjezedwa ndi kwina, kuona ndi maso ndi kwinanso. Ndinaganiza za mtsikana wanga ali m'kalasi, osadziwa kanthu, kudzabwera pa holide ndi kachikwama kake n'kupeza geti lachilendo, galu wachilendo, munthu womufunsa kuti ukufuna ndani. Miyendo inafuna kutuluka. Ndinaikaniza. Ndinati munthuyu afike kumapeto kwake, Kawale yense aone, chifukwa tsiku limene ndidzafe zenizeni sindidzakhala ndi zenera.

Atamaliza kuyeza anaima pakati pa bwalo n'kukweza mawu. Anati iwo ndiwo mutu wa banja. Anati katundu wa m'nyumba ayenera kukasungidwa ku Chinsapo kuopa akuba. Anati a lendi onse apakire. Ndipo popeza kiyi sakuoneka, loko athyoledwe. Mkulu wa mpingo wathu anang'ung'udza kuti mwina tidikire thupi, koma anang'ung'udzira m'kolala. Enawo anayang'ana pansi. Kwathu kuno za m'banja la eni anthu salowerera, amakazikamba madzulo kunyumba kwawo.

Nthawi yomweyo pageti panalowa wilibala yodzaza makatoni, kumbuyo kwake bambo wa mabuku, tayi ili paphewa, thukuta kamukamu. Anaima n'kumwetulira, kuyesa anthu onsewo abwerera mabuku.

"Zikomo kwambiri pobwera mwaunyinji chonchi!"

"Thupi mwalisiya kuti?" anafunsa mayi woyandikana nane.

"Thupi la ndani?"

"La agogo! Tenti mwaimika nokha, mukufunsanso ife?"

"Tenti ndaimika ndine, inde, koma ndi ya chikondwerero."

"Mwamva? Agogo amwalira, a lendi akuti chikondwerero!"

Patapata ya munthu inauluka n'kumupeza pakhutu. Iye sanaimve n'komwe. Anayang'ana loko, anayang'ana amayi olira, ndipo ndinaona nkhope yake ikukumbukira chifuwa chija. Anaganiza kuti zachitika iye ali m'tauni, ndipo ena anditengera kuchipatala. Anakhala pa katoni, n'kuphimba kumaso ndi manja. Sanakuwe. Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Pa anthu onse amene analira tsiku limenelo, ameneyu yekha ndiye sankayang'ana ngati ena akumuona.

Alamu anali atatenga chitsulo chochotsera matayala m'kalole muja, akubwera nacho kuchitseko. Amayi anapatuka. Bambo wa mabuku anadzuka, anawadutsa, n'kuima chotsamira chitsekocho. Msana wake unali pafupi ndi zenera langa moti ndinkaona pamene kolala yake inasokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu.

"Pepani bambo, muno simulowa."

"Ndiwe ndani iwe? Wachibale?"

"Ndine wa lendi."

"Ndiye khala ngati wa lendi. Choka apo."

"Amayi awa sanandikhulupirirepo ngakhale tsiku limodzi," anatero ndi Chichewa chake chotsimphina chija. "Madzi ankanditsekera. Makala awo ankawaza phulusa chifukwa cha ine, ndinkaona. Koma nthawi zonse ankati nyumba iyi ndi ya mtsikana ali kusukulu uja, ndipo ine makutu ndili nawo. Chitseko ichi chitsekulidwa iyeyo akabwera."

Zoti phulusa lija ankaliona zinandinyansa, koma ndinapirira.

Mlonda wa agalu anapinda ndakatulo yake, n'kukaima pambali pake. Mayi wa kaunjika anamanga chitenje mwamphamvu n'kukaima mbali inayo, ndipo ameneyo yekha ndiye anali ndi thupi loti n'kutchinga khomo. Oimba anatsatira. Rasi anatulukira atasenza chisipika pamutu, sanafunse kanthu, anangochitula patsogolo pa onsewo n'kuchikhalira. Anthu amene ndinawalonda zaka zonsezo ngati akuba anandandalika pakhonde panga, miyendo ngati ya udzudzu, kulondera nyumba ya munthu amene ankawamana madzi.

"Amphawi inu!" anakuwa alamu. "Mudya ndakatulo? Ndikuti chokani!"

Anakweza chitsulo chija. Apo ndinati zakwana, munthu angavulale pa maliro anga.

Yunifolomu yanga yoyera ya amayi a mpingo inali pa mpando, yosita kale kudikira Lamulungu. Ndinaivala, ndi mpango wake woyera, chifukwa munthu ukamauka kwa akufa suuka ndi diresi yogonera. Ndinatulukira kuseri, kuzungulira pa mtengo wa mango, n'kuima kumbuyo kwa tenti. Chifuwa chimene ndinachimanga m'mawa wonse ndinachimasula.

Sindinadziwe kuti ku Kawale kuli anthu othamanga chomwecho. Mabenchi anagwa. Mayi woyandikana nane analumpha ngalande ya madzi ake omwe aja osaikhudza. Wamimba wa mafoni awiri anakwera mpanda n'kusiya chidutswa cha buluku pa waya. Mkulu wa mpingo anagwada n'kuyamba pemphero ndi ameni. Alamu okha sanathawe. Anangoti kukamwa yasa, chitsulo chili m'mwamba.

"Alamu," ndinatero, "mwayeza bwino? Kapena ndikubwerekeni chingwe?"

"Alamu, ife tinamva kuti..."

"Munamva bwino, koma mwafulumira. Akulu anu anandilamula kuti ndidikire muyambe ndinu."

Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ena kundigwira mkono kuti amve ngati ukutentha. Ndinauza rasi kuti alumikize chisipika chakecho, popeza magetsi anali atayaka. Anandipatsa chinkuzamawu. Ndinalankhula moti mpaka pasiteji ya minibasi anamva. Ndinati nonse mwaona ndi maso anu, sindikusimbirani. Poloti ino, nyumba ino, kanyumba ka kumbuyo, mpopi ndi loko wake, zonse ndi za mdzukulu wanga. Amene angadzaone kalole ka ku Chinsapo pageti pano tsiku lenileni, akumbukire lero. Mkulu wa mpingo, atapeza mawu ake, anavomera mokweza kwambiri, ngati kuti ndiye anaima pakhomo. Alamu anakwera kalole kawo kopanda kanthu, osatsanzika.

Rasi sanapulumuke. Akuluakulu anamukhazika pansi n'kumuuza kuti masamba pamsewu si choseweretsa, pali anthu atseka maokala awo, ena ajomba kuntchito, ena alira misozi imene sadzaibwezanso. Anamutuma akachotse nthambizo yekha, ndipo mawa lake anayenda khomo ndi khomo kupepesa. Pamenepo ndinagwirizana nawo kwathunthu, ngakhale misozi yambiri inali yosavuta kubweza.

Koma anthu anali atabwera kale, moto unali utayaka, tiyi atawira. Apitenso kuti? Chikondwerero chinachitika ndi anthu okhuza maliro, ndipo bambo wa mabuku ananena yekha kuti chiyambire ntchito yake anali asanaonepo gulu lotere. Makatoni anatsekulidwa, mabuku akununkha inki. Oimba anaimba. Mayi wa kaunjika anawerenga nkhani yake, amayi a kwaya akuphimba kumaso koma makutu ali panja, ndipo pambuyo pake ndinawaona akubisa timabuku take m'zitenje. Mlonda analakatula za agalu a bwana, abambo a m'tenti akuseka mpaka kugwira nthiti, chifukwa ambiri a iwo agalu amenewo amawadziwa. Atamaliza ndinamuuza kuti abwereze ya maliro anga ija, ine nditakhala kutsogolo. Pa chitsime chosaphwa ndinamuimitsa n'kumuuza kuti achotsepo, anthu angamadzabwere ndi zidebe.

Patapita masiku bambo wa mabuku anabwera pakhonde.

"Amayi, zimene munanena pachinkuzamawu zija n'zabwino, koma mboni zimasamuka, zina zimamwalira. Bwanji muzilembe?"

"Za kumaofesi ndakonza kale ndi a mpingo," ndinamuyankha. "Koma pepala limabedwa, limadyedwa ndi chiswe, kuofesi amati fayilo yasowa. Lanulo lidzaposa pati?"

"Ife sitisindikiza limodzi, Amayi. Wofuna kuba adzayenera kulowa nyumba zambiri."

Ndinaganiza sabata yonse kufunafuna pamene pali msampha. Sindinaupeze, ndiye ndi izi mukuwerengazi. Ndinamuuza kuti asasinthe liwu ngakhale limodzi, ndipo akamadinda ndidzakhala pambali pa makinawo.

Musaganize kuti tsopano ndimamukhulupirira. Mpaka lero sindidziwa ngati tsiku lija, asanakaime pachitseko, sanaone diso langa pakatani. Munthu wokhala ndi alakatuli tsiku lililonse angathe kuphunzira zisudzo. Ndinamufunsa, iye anangoseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi, ndipo kuseka si yankho. Komabe ndinakadulitsa kiyi wina wa pampopi n'kumupatsa. Weniweni ali m'khosi mwanga muno. Chithunzi chija anachipachika m'kanyumba kawo, moyang'anizana ndi pamene amasunga shuga, ndipo akuti chiikireni pamenepo alakatuli amathira pang'ono.

Alamu akadali moyo. Ndikumva kuti anasiya mowa, anachepetsa mchere, ndipo m'mawa amayenda wapansi kulimbitsa thupi. Mpikisano uli mkati, ndipo iwo ndi aang'ono kwa ine. Mtsikana wanga sukulu sanamalize, kwatsala ndithu.

Ndiye inu amene mwagula kabuku aka, kapena mwabwereka osabweza monga mwa chizolowezi chanu, mukamadutsa ku Kawale muzipatuka kudzandiona. Mukafunse pasiteji kuti kwa agogo anauka aja n'kuti, aliyense akulozerani. Mubwere masana. Chakudya musatenge, sindidya. Loko wa pachitseko asakunamizeni, mudzagogode pazenera, n'kuima poti ndione manja anu onse awiri. Mukadzapeza masamba pamsewu, musayambe ndi kulira, muyambe mwayang'ana katani. Ikagwedezeka, khalani pansi muonere nawo. Ikapanda kugwedezeka, pitani mukaime pakhomo pambali pa bambo woonda wa tayi uja, ndipo musasunthe mpaka mtsikana wanga atafika.